Kupatsa ana amphaka mayina a m'mabuku popanda kudana ndi aneba

Mphaka wathu adaswera m'katoni ya mabuku. Katoniyo ndidaikankhira kunsi kwa bedi chaka chomwe tidalowa m'nyumba ino, n'kuiiwala. Tsiku lina m'mamawa ndidamva timawu tikulira kunsiko, ndipo nditagwada n'kuunika ndi foni ndidapeza tiana tinayi titaunjikana pamwamba pa mabuku anga a ku sekondale, make akundiyang'ana ngati wolowerera ndine. Ana anga adagamula pomwepo: poti tabadwira pa mabuku, mayina achokere m'mabuku momwemo. Maganizo adali abwino ndithu. Koma pa mayina anayi oyambirira, awiri tidachita kusintha, ndipo limodzi mwa awiriwo tidasintha titakapepesa kuseri kwa mpanda.

Kwathu kuno mphaka sakonda kukhala ndi dzina. Ndi Pusi basi, kapena Chona, ndipo akafa, wobwera pambuyo pake amalowa dzina lomwelo ngati ufumu. Amene amapatsidwa dzina ndi galu, ndipo dzina la galu kumudzi silikhala lachabe. Mukamva munthu akuitana galu wake kuti Mudzatopa kapena Ndawaona, dziwani kuti pali wina pamudzipo amene akulasidwa. Tidakula choncho: dzina la chiweto likatchulidwa, makutu amaima kuti amve amene akunenedwa. Musaiwale zimenezi pamene mukuvundukula mabuku, chifukwa dzina lomwe likukoma patsamba lidzakhala likufuulidwa pakhonde madzulo aliwonse, anthu akumva.

Choyamba, dikirani

Sabata yoyamba palibe choti mutche dzina. Kamwana ka mphaka kamabadwa maso ndi makutu zili zotseka, ntchito yake kuyamwa ndi kugona. Maso amatseguka pakatha masiku 7 mpaka 10, ndipo onse amayamba ali obiriwira ngati thambo. Musatengeke nawo n'kusankha dzina potengera masowo, chifukwa pofika sabata yachisanu ndi chiwiri mtundu wake umayamba kusintha. Sabata yachitatu tianato timayamba kuyenda mwadzandidzandi, yachinayi ndi yachisanu timayamba kulimbana, kubisalirana ndi kukwera chilichonse chomwe chaima. Apa ndi pamene khalidwe limaonekera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakadali pano tisiyanitseni ndi mawu wamba: kakuda, kamawanga, kosusuka.

Ngati kamphakako mwachita kupatsidwa, kasachoke kwa make kasanakwanitse masabata 8. Kakafika kwanu kadzabisala kuseri kwa kabati masiku awiri kapena atatu. Musakatche dzina la munthu wamantha chifukwa cha zimenezo. Kakazolowera mungapeze kuti ndi komwe kakulamula agalu pakhomo.

Chachiwiri, onani ngati n'kakamuna kapena kakakazi

Apa ndi pomwe tidagwa koyamba. Mwana wanga wamkazi, yemwe adali akuwerenga sewero la Shakespeare kusukulu, adasankha kamodzi kofatsa nkhope n'kukatcha Juliet. Kadakhala Juliet miyezi iwiri, mpaka tsiku lomwe kadatembenuka patebulo mchira uli m'mwamba, nkhani yonse n'kukhala poyera.

Kuona kwake n'kosavuta mukadziwa poyang'ana. Kanyamuleni ndi manja ofunda, kwezani mchira pang'onopang'ono. Kunsi kwa mchira kuli tibowo tiwiri. Kwa kakakazi tibowoto timayandikana kwambiri, ndipo kam'munsi kamakhala kotalika ngati kamzere. Kwa kakamuna timatalikirana, kam'munsi kamakhala kozungulira ngati kadontho, ndipo pakati pake pamakhala mpata pomwe machende adzaonekere. Ngati muli ndi tiana tingapo, tiyerekezeni tiwiritiwiri, kusiyanako kumaoneka msanga. Ubweya nawonso umathandiza. Mphaka wa mitundu itatu, wakuda, woyera ndi wofiirira ngati lalanje, pafupifupi nthawi zonse amakhala wamkazi. Wofiirira thupi lonse kawirikawiri amakhala wamwamuna, ngakhale aakazi otero aliponso.

Chachitatu, yambirani pa mphaka, osati pa buku

Ambiri timalakwitsa apa. Timakhala ndi dzina lomwe tidalikonda kalekale, n'kumafuna kulikakamiza pa kamphaka kalikonse komwe kapezeka. Chitani motembenuza. Kwa masiku atatu kapena anayi, lembani pakapepala zomwe kamphaka kalikonse kakuchita kosiyana ndi anzake. Osati zoti n'kokongola, tonse n'tokongola. Lembani zenizeni: aka kamakwera katani mpaka pamwamba n'kudziponya, aka kakangomva madzi akudontha kamathawira kuchipinda, aka kamadikira kuti mutembenuke kenako mphika wa ndiwo wavundukuka. Funsaninso ana ndi aliyense amene amakhala pakhomo masana, amaona zambiri kuposa ife obwera madzulo.

Mukakhala ndi kapepala kameneka, funso silikhalanso loti dzina labwino ndi liti. Limakhala loti khalidwe limeneli ndidakumana nalo m'buku liti.

Chachinayi, kokatola mayina

Ine ndimati yambani ndi nthano zathu, chifukwa nazonso ndi zolembalemba ngakhale zidayamba pakamwa, ndipo zambiri zidalowa m'mabuku a kusukulu. Ubwino wake ngwakuti aliyense pakhomo, kuyambira agogo mpaka mwana wa ku mkaka, amadziwa nkhani yake popanda kumufotokozera. Kamphaka kochenjeretsa anzake pa mbale ndi Kalulu. Koyenda monyang'wa, kosafulumira ngakhale mukaitane, ndi Nadzikambe kapena Kamba. Kachirambe, mnyamata wa m'nthano uja amene fisi adalephera kumugwira ngakhale make adamupereka yekha, ndi dzina loyenera kamphaka kopulumuka m'kamwa mwa galu. Ndipo pa mayina onse a m'nthano palibe logwirizana ndi mphaka kuposa Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi uja amene make ankamuchenjeza kuti azithawa mvula ikamabwera. Fisi yekha musiyeni. Chifukwa chake ndinena kutsogoloku.

Kenako mabuku a Chichewa. Buku la Nthondo, lomwe Samuel Josia Ntara adalemba ndipo lidatuluka mu 1933, limasimba za mnyamata wovuta, wakuba, amene adayendayenda n'kudzatha ali mfumu yolemekezeka. Juliet wathu uja atadziwika kuti ndi mwamuna, tidapezanso kuti ndi iye ankatha usipa wouma pa thandala. Dzina lidabwera lokha. Tikuyembekezerabe gawo lachiwiri la moyo wake, la ulemu lija.

Mwa mabuku a ku Africa olembedwa m'Chingerezi, lotchuka kwambiri ndi Things Fall Apart la Chinua Achebe, la mu 1958, ndipo pa tsamba loyamba penipeni pali mphatso ya eni amphaka. Okonkwo, mwini nkhani m'bukuli, adatchuka chifukwa chogwetsa katswiri wa zogwetsana dzina lake Amalinze, amene adakhala zaka zisanu ndi ziwiri osagonja, ndipo anthu ankamutcha Mphaka chifukwa msana wake sunkakhudza pansi. Kamphaka kathu kodziponya kuchokera pamwamba pa katani sikadafune kukambirana. Chokoma china n'chakuti m'kamwa mwa Mchewa dzinali limamveka ngati lili kale ndi ulemu wake. Agogo a anawa amati "a Malinze alowa", ndipo mwini dzina amayendadi ngati a Malinze.

Shakespeare ndiye chitsime chomwe ana a sukulu amathamangirako. M'sewero la Romeo and Juliet muli Tybalt, msuweni wa Juliet, wamtima wapachala, amene Mercutio, mnzake wa Romeo, amamunyogodola pomutcha kalonga wa amphaka. Chipongwecho chidachokera ku nthano zakale za ku Ulaya za nkhandwe yotchedwa Reynard, momwe mphaka wake dzina lake ndi Tibert. Choncho Tybalt ndi dzina la mphaka lomwe lidabwerekedwa ndi munthu, ndipo mukalipatsa kamphaka kandewu mwangolibweza kwa eni ake.

Palinso mabuku omwe amphaka ndiwo eni nkhani. T. S. Eliot adatulutsa buku la ndakatulo za amphaka mu 1939, ndipo m'menemo muli Macavity, mphaka wachifwamba amene sapezeka pamalo pomwe mlandu wachitikira. Dzina limeneli lilime lathu limalilandira bwino, limatuluka ngati Makaviti. M'buku la The Jungle Book la Rudyard Kipling, la mu 1894, muli Bagheera, kambuku wakuda bii, wanzeru, mlangizi wa mwana woleredwa ndi mimbulu. Ndipo Samuel Johnson, amene adalemba dikishonale yotchuka ya Chingerezi ya mu 1755, adali ndi mphaka wake Hodge, yemwe ankachita kukamugulira yekha chakudya kuopa kuti antchito angadane naye mphakayo akamatumidwa. Lero Hodge ali ndi chiboliboli chake ku Gough Square mu London. Ameneyu sadali wa m'nthano, adali mphaka weniweni wa mlembi, ndipo imeneyo ndi njira inanso yopezera dzina.

Ngati pakhomo palibe mabuku ambiri, musadandaule. Mabuku a ana anu a Chichewa ndi a Chingerezi ndi okwanira, ndipo masana amodzi ku laibulale ya National Library Service kapena pa mulu wa mabuku akale omwe amagulitsa m'mbali mwa msewu m'tauni adzakupatsani mayina oposa omwe mukufuna. Lembani khumi kapena kuposerapo. Ambiri agwa pa sefa ikubwerayi.

Chachisanu, werengani nkhaniyo mpaka kumapeto

Musatole dzina pa chikuto cha buku kapena pa intaneti osadziwa chomwe chidamuchitikira mwini wake. Tsiku lina mlendo kapena mwana wanu yemwe adzafunsa, ndipo muyenera kukhala ndi yankho lomwe simuchita nalo manyazi.

Ana amphaka awiri aamuna obadwa tsiku limodzi amakopa munthu kuti awatche Sikusinja ndi Gwenembe, potengera buku la John Gwengwe lomwe ambiri tidawerenga kusukulu. Mayinawo ndi okoma kutchula, koma nkhani yake ndi ya nsanje ya pachibale yomwe imathera m'magazi. Ikemefuna wa m'buku la Achebe lija ndi mnyamata wokondedwa amene amaphedwa ndi munthu yemwe ankamutcha bambo. Tybalt nayenso sakufika kumapeto kwa sewero. Sindikunena kuti dzina limaitana tsoka, ngakhale alipo achikulire amene angakuuzeni motero. Ndikunena kuti mphaka woyenda panja amakumana ndi galimoto, agalu ndi poizoni wa makoswe, ndipo zikadzachitika simudzafuna kumva wina akuti, "Nanga dzina lake lija mumati zitha bwanji?" Ngati inu ndi a pabanja panu simusamala zimenezo, pitirizani, koma mwasankha mukudziwa.

Dzina lina loyenera kuliganizira kawiri ndi Napolo. Steve Chimombo adalikweza m'ndakatulo zake, ndipo kamphaka kogwetsa makapu ndi kugudubuza mabotolo kamaoneka kuti kalipempha kokha. Koma Napolo si nthano chabe kwa anthu a ku Zomba, Phalombe, Mulanje ndi Blantyre. Kuli mabanja omwe adataya abale pa madzi a ku Phalombe mu 1991, ndi enanso ambiri pa namondwe wa Freddy mu 2023. Ngati mukukhala pakati pa anthu amenewa, dzina limeneli si loseweretsa pakhonde.

Chachisanu ndi chimodzi, sefa ya pamudzi

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo malangizo ochokera kunja sangakuuzeni zimenezi chifukwa kwawoko kutcha mphaka dzina la munthu si mlandu.

Kamphaka kathu kachiwiri tidakatcha Dinah. Ndidali wonyadira kwambiri, chifukwa Dinah ndi mphaka wa Alice m'buku la Lewis Carroll la mu 1865. Dzina la mphaka weniweni wa m'buku, lalifupi, losavuta kutchula. Madzulo ena ndidaima pakhonde ndi mbale m'manja n'kufuula kuti, "Dinah! Bwera kuno udye mitu ya usipa, wakuba iwe!" Kuseri kwa mpanda kudamveka mawu a mayi oyandikana nafe: "Wawa?" Kenako zii. Amayiwa takhala nawo zaka zitatu, koma monga mwa mwambo wathu timangowadziwa ndi dzina la mwana wawo woyamba. Dzina lawo la ubatizo sitidalimvepo.

M'mawa mwake adabwera okha, atavala chitenje chatsopano, n'kukhala pamkeka. "Achimwene," adatero, "ngati pali chomwe ndidakulakwirani, bwanji osandiuza pamaso, m'malo mondiitanira mitu ya usipa?" Ndidatulutsa buku, ndidawaonetsa tsamba. Adaliyang'ana n'kunena kuti, "Buku ndaliona, bambo. Koma anthu a mu mzere uno sadaliwerenge." Adanena zoona. Mayi a kunyumba kwanga adapita kukapepesa ndi mbale ya ufa, ndipo kamphakako, poti n'komwe kamathawa madzi kaja, kadasanduka Kamdothi.

Choncho chotsani pa mndandanda wanu dzina lililonse lomwe munthu wa kuno angakhale nalo. Mayina ambiri a m'mabuku a Chingerezi ndi mayina a anthu athu: Alice, Oliver, Emma, Juliet yemwe uja. Musadalire zomwe mukudziwa, funsani mwakachetechete mayina enieni a aneba, a eni nyumba ngati mukuchita lendi, a apongozi ndi a malemu a m'banja. Mfunda ndiye musayandikire n'komwe. Ngakhale mumukonde bwanji mlembi wa kuno kwathu, kutcha mphaka dzina la bambo ake kapena mfunda wake si ulemu, ali ndi abale ndipo dzinalo ndi la anthu ambirimbiri. Tengani dzina la munthu wa m'nkhani yake, mlembiyo musiyeni.

Chotsaninso mayina opatulika. Baibulo ndi buku lomwe lili m'nyumba zambiri kuposa lina lililonse, koma mayina ake ndi omwe timabatiza nawo ana, ndipo ena ndi oyera kwa Akhristu ndi Asilamu omwe. Ndinene mongodutsa kuti m'mabuku 66 a m'Baibulo mikango ndi akambuku alimo, koma mphaka wa pakhomo satchulidwa, ndiye palibe chomwe mukutaya. Chimodzimodzi mayina a Mbona, Makewana ndi a zilombo za Gule Wamkulu. Mudzawapeza m'mabuku ndi m'masewero, koma kupezeka m'buku sikuwachotsa kwa eni ake.

Chomaliza pa sefayi ndi ufiti. Tisanamizane, kwathu kuno mphaka, makamaka wakuda, ali kale ndi mbiri yomwe sadaipemphe. Kamphaka kathu kachinayi n'kakuda bii, ndipo ine mwa nzeru zanga za m'kalasi ndidati tikatche Graymalkin, dzina lomwe imodzi mwa mfiti zitatu imaitana koyambirira kwa sewero la Macbeth. Mayi a kunyumba adangondifunsa funso limodzi: "Akakufunsani tanthauzo lake, mudzati ndi mphaka wa ndani?" Nkhani idathera pomwepo. Munthu amatha kusamutsidwa pamudzi, ngakhale kuvulazidwa, chifukwa cha mphekesera zoyamba ndi kanthu kakang'ono ngati kameneka, ndipo mphaka yemweyo ndiye amayamba kuponyedwa miyala. N'chifukwa chake ndidati Fisi musiyeni, pamodzi ndi Kadzidzi ndi dzina lililonse la mfiti, mzukwa kapena chiwanda, ngakhale m'bukumo chikhale choseketsa. Kakuda kathu kadakhala Bagheera. Wofunsa timamuuza kuti ndi kambuku wa m'buku la ana, amaseka n'kupita.

Chachisanu ndi chiwiri, liyeseni pakamwa

Mayina omwe apulumuka atengereni pakhonde. Chichewa chili ndi malamulo ake omwe sichipempha chilolezo powagwiritsa ntchito. Mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, makonsonanti ounjikana timawalekanitsa, l ndi r timawasinthanitsa, ndipo poitana timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Dzina lachilendo likalowa m'nyumba limatuluka litavala zathu. Bagheera kwathu ndi Bagila. Hodge adzakhala Hoji. Tybalt ndiye amavutika, wina Tibo, wina Tayiboti. Zimenezi si vuto, bola mudziwiretu chomwe dzinalo lisanduke ndipo muchikonde.

Njira yake nayi. Tchulani dzinalo kamodzi kokha kwa munthu wamkulu kwambiri pakhomo ndi kwa mwana wamng'ono kwambiri, osawalembera. Pakatha ola afunseni kuti kamphaka kaja dzina lake ndani. Chomwe anene ndilo dzina lenileni. Mvetserani ngati pakusinthapo sipadatuluke mawu otukwana kapena oseketsa m'Chichewa, ndiponso m'Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena ngati ndi zomwe zimayankhulidwa mozungulira. Kenako imani panja, litchuleni mokweza katatu monga mudzachitire mphaka akasowa usiku. Ngati mwachita manyazi, lisiyeni.

Maphatikizo awiri kapena atatu ndiwo abwino. Dzina lalitali lidzadulidwa, mufune musafune. Eliot uja adalemba moseka kuti mphaka amafunika mayina atatu, la masiku onse, lapadera laulemu, ndi lachinsinsi lomwe amalidziwa yekha. Awiri oyambawo ndi nzeru yogwira ntchito: lalitali la m'buku likhale la pa khadi ndi la alendo, lalifupi likhale loitanira. Kamdothi wathu pa chakudya ndi Dothi. Chofunika n'chakuti nonse pakhomo mugwirizane chidule chimodzi.

Ngati tiana tili tingapo

Mayina asafanane kamvekedwe. Kalulu ndi Kamba amayamba mofanana, ndipo mukawaitana mofulumira amphakawo sadzadziwa amene akufunidwa. Siyanitsani poyambira ndi pothera. Sikofunika kuti onse achokere m'buku limodzi. Athu adachokera ku Nigeria, ku India wa m'nthano, m'buku la Chichewa ndi m'nthano ya agogo, ndipo ankadyera mbale imodzi.

Mayina apawiri, monga a mwamuna ndi mkazi okondana a m'sewero, aganizireni bwino. Ana amphaka ambiri amagawidwa, ndipo dzina lomwe limamveka pokhapokha mnzake ali pambali limasanduka lamasiye. Komanso ndi pachibale, ndipo amphaka sadziwa chibale: pofika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi Romeo ndi mlongo wake akhoza kukupatsani katoni ina ya tiana ngati simudapite nawo kwa dokotala wa ziweto kuti akawatseke.

Kuphunzitsa dzina

Ena amati mphaka samva dzina, amangomva mbale. Mu 2019 ofufuza a ku Japan motsogozedwa ndi Atsuko Saito adasindikiza zotsatira zosonyeza kuti amamva. Ankatchulira mphaka mawu anayi ofanana kutalika ndi dzina lake mpaka atasiya kulabadira, kenako n'kutchula dzinalo. Amphaka ambiri ankagwedeza makutu kapena kutembenuza mutu, ngakhale wotchulayo atakhala mlendo. Kudzuka n'kubwera ndiye nkhani ina, zimenezo mphaka amaganiza yekha. Adapezanso kuti amphaka okhala ambiri malo amodzi, omwe alendo amawaitana mwachisawawa, ankasokoneza mayina awo ndi a anzawo. Phunziro lake kwa ife n'lakuti kamphaka kalikonse kaphunzitsidwe pakokha.

Tengani kamodzi, pitani nako m'chipinda mopanda phokoso, kasanadye. Khalani ndi tizidutswa ta usipa kapena bonya wosathira mchere wambiri, kapena ta nkhuku yophika. Mkaka wa ng'ombe ayi, amphaka ambiri umawatsegula m'mimba. Tchulani dzina kamodzi ndi mawu okwera pang'ono. Kakangotembenuka, ngakhale khutu lokha, kapatseni kachidutswa nthawi yomweyo. Bwerezani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, basi, mphindi ziwiri zakwana. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu patsiku. Pakapita masiku angapo yambani kutalikira, kenako itanani muli chipinda china. Mukaona kuti kazolowera, chakudya muzipereka mwa apo ndi apo, nthawi zina kungokasisita pakhosi.

Zolakwika ziwiri zimaononga ntchito yonse. Choyamba ndi kutchula dzina kakhumi motsatizana kamphaka kasakulabadira, dzinalo limasanduka phokoso ngati wailesi. Chachiwiri ndi kukalipa ndi dzina. Mukakapeza pa mphika, ombani m'manja kapena nenani "iwe!", koma dzina lisungireni zabwino zokha. Nthondo wathu adachedwa kuphunzira kuposa anzake onse chifukwa dzina lake linkamveka kwambiri pa nthawi ya milandu. Musaitanenso ndi dzina pofuna kukamwetsa mankhwala kapena kukatsekera m'dengu, pamenepo ingopitani mukakanyamule.

Kusintha dzina kamphaka kakadali kakang'ono si vuto. Kwa sabata imodzi tchulani latsopano pa chakudya chilichonse, lakale lisiyeni kotheratu, kadzatsatira.

Dzina likakhazikika, lilembetseni. Pa miyezi itatu kamphaka kayenera kulandira katemera wa chiwewe, ndipo pa khadi lake pamafunika dzina. Lembani nokha kalembedwe ka m'buku papepala musanapite, chifukwa wolemba khadiyo adzalemba chomwe wamva. Pa khadi la kwathu pali Bagila, ndipo ndidasiya kulimbana nazo.

Mukalephera kugwirizana, musadzipweteke mutu. M'buku lina lotchuka la ku Japan, lomwe Natsume Soseki adayamba kulitulutsa mu 1905, wosimba nkhani ndi mphaka wokhala pakhomo pa mphunzitsi, ndipo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza palibe amene adamupatsa dzina.

Pogawa tianato, uzani wolandirayo dzina ndi nkhani yake mwachidule, koma musamukakamize. Amalinze ndi Kamdothi adatsala kwathu, Nthondo nayenso poti palibe adamufuna atamva mbiri yake. Bagheera adatengedwa ndi alamu anga kumudzi kuti akalondere nkhokwe. Ndidawalembera dzina papepala, ndidawafotokozera za kambuku wakuda ndi mwana woleredwa ndi mimbulu, iwo akugwedeza mutu mwaulemu. Mwezi watha ndidawaimbira foni kufunsa za Bagheera.

"Ndani ameneyo, alamu?"

"Mphaka uja."

"Ooo, Pusi! Ali bwino, dzulo wagwira awiri."